Ophunzira unamwino akabwera ndi makope m'mudzi mwanu

Amayi anzanga, mvula ikatha ndipo misewu ya kumudzi ikauma, ambiri a inu mumalandira alendo ochokera ku sukulu za unamwino. Mumawadziwa kale: atsikana ndi anyamata ovala yunifolomu, oyenda awiriawiri, operekezedwa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Amayambira kwa amfumu, kenaka khomo ndi khomo. Ena amabwera ndi pepala la mafunso: m'nyumba muno mumagona anthu angati, chimbudzi chilipo, madzi mumatunga kuti, masikito muli nawo. Amachonga, n'kutsazika. Amenewo simuvutika nawo.

Amene amakudabwitsani ndi ena aja opanda pepala la mafunso. Amangonyamula kope ngati la mwana wa Sitandade 5, ndi cholembera. Amapempha kukhala nanu pamjigo, kuchigayo, kapena pansi pa mtengo pamene pamachitikira sikelo ya ana. Amathandiza kutonola chimanga, amasenza ndowa, amafunsa pang'ono, ndipo nthawi zina amangokhala phee n'kumalemba. Ku misonkhano ya bungwe lathu ndafunsidwapo kangapo: kodi ana amenewa akulemba chiyani? Ndi kaundula wa makuponi? Kapena akukatineneza kuchipatala?

Si makuponi, ndipo si ukazitape. Akuphunzira kulemba. Ndikudziwa kuti yankho limeneli likumveka lachilendo, poti mwana amene anakhoza Fomu 4 mpaka kutengedwa ku koleji ndiye kuti kulemba amatha. Koma pali kulemba kwa mayeso, kumene mwana amabweza zimene mphunzitsi anamuuza, ndipo pali kulemba zimene maso ako aona ndi makutu ako amva, osathirako mchere. Kwachiwiriku n'kovuta kwambiri, ndipo namwino amene sanakuphunzire ndi woopsa, ngakhale atadziwa mayina a mafupa onse a m'thupi.

Luso limeneli pa Chingerezi amalitcha ethnography. Mawuwa anachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza kulemba za anthu. Wochita kafukufuku wa mtundu umenewu saitanira anthu ku ofesi. Amapita kukakhala nawo, kudya zimene akudya, kuona mmene tsiku lawo limayendera, kenaka n'kulemba mwakuti munthu amene sanafikeko amvetse chifukwa chimene anthuwo amachitira zimene amachita. M'makoleji ambiri a ku America muli phunziro la chaka choyamba lotchedwa composition, limene wophunzira amalowa kaya adzakhala injiniya kaya dokotala, kuti aphunzire kulemba zomveka. Aphunzitsi ena a phunziroli, m'malo mopatsa ana mitu ya m'malere, amawatuma kukakhala kometetsera tsitsi, kokwerera basi kapena m'kwaya ya kutchalitchi kwa milungu ingapo, kuti akalembe za anthu a pamalopo. Ife kuno tilibe phunziro la dzina limenelo. Tili ndi maphunziro a chiyankhulo ndi kulumikizana ndi anthu, a zaumoyo wa m'madera, ndi a kafukufuku, ndipo aphunzitsi ena timalowetsa luso limeneli mmenemo.

Mzere pakati pa tsamba

Ntchito yoyamba imene ndimawapatsa ndi iyi. Wophunzira alembe mzere pakati pa tsamba, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere alembe zokhazo zimene waona ndi kumva: nthawi yanji, anthu angati, wanyamula chiyani, wanena mawu ati. Kumanja alembe zimene iyeyo akuganiza, zimene zamudabwitsa kapena kumunyansa, ndi mafunso amene amubwerera. Akhale malo amodzi ola lathunthu, foni ili m'thumba.

Mungaganize kuti n'zophweka. Chaka ndi chaka makope oyamba amabwera ndi ziganizo zonga ichi, cholembedwa kumanzere: "Mayi wosasamala anabwera mochedwa ndi mwana wauve." Ndiye ndimamufunsa mwini kope: mwanawe, kusasamalako unakuona ndi maso? Kunali kofiira kapena kobiriwira? Amaseka, kenaka amaganiza. Zimene anaona n'zakuti mayiyo anafika cha m'ma 11 koloko, miyendo ili fumbi mpaka m'mawondo, mwana wina akumukoka chitenje, ndipo wodwalayo anali ndi maso olowa ndi zinthu zakuda zomatidwa pamutu. Eya, tilembe zimenezo.

Zikalembedwa choncho, mafunso amabadwa okha. Fumbi lofika m'mawondo likutiuza za mtunda. Zakuda za pamutuzo inu mukuzidziwa, ndi mankhwala a paliwombo. Mayi amene wapita kukafuna mankhwala, kuwasinja, n'kuwamata pamutu pa mwana wake si mayi wosasamala. Ndi mayi amene waona chizindikiro chenicheni, liwombo lolowa m'kati, n'kuchitapo kanthu monga momwe anamuphunzitsira makolo ake.

Chimene mwanayo akusowa ndi madzi. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, kawirikawiri kaamba kotsegula m'mimba kapena kusanza, ndipo chomupulumutsa ndi kuyamwitsa pafupipafupi, Thanzi ORS, mapiritsi a zinc ndi kufulumira naye kuchipatala. Zomata sizibweza madzi. Koma taonani kusiyana kwake. Namwino amene m'mutu mwake walemba kale kuti "wosasamala" adzakalipa, mayiyo adzachita manyazi, ndipo ulendo wina adzayamba wapukuta pamutu pa mwana asanalowe pageti, mwinanso sadzabwera n'komwe. Namwino amene waphunzira kuyamba ndi zimene waona adzati, "Mayi, mwachita bwino kuona liwomboli msanga. Khalani apa ndikuuzeni chimene lalowera." Mankhwala ndi omwewo, koma mayi wachiwiriyu adzabweranso, ndipo adzauza anzake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi chinthu chimene mwana wa zaka 19 wongovala kumene yunifolomu amakhala alibe. Chondiseketsa, kapena nditi chondimvetsa chisoni, n'chakuti ambiri mwa ophunzirawa anakulira m'midzi yomweyi, ndipo ena a iwo anamatidwa mankhwala omwewo ali makanda. Koma pakangotha miyezi itatu ali pa koleji amayamba kunena kuti "anthu akumudzi" ngati akunena mtundu wina wa kutali. Mzere wa pakati pa tsamba uja umawabweza kwawo.

Zimene nambala sinena

Manambala tili nawo, ndipo ndi ofunika. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene imachititsa ofesi ya boma yowerengera anthu ku Zomba anapeza m'chaka cha 2000 kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira ndi zovuta za uchembere. Pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 nambalayo inali itatsika kufika pa 439, ndipo amayi 91 mwa 100 aliwonse ankachirira kuchipatala. Inu amene mwakhala mukuyendera amayi oyembekezera m'miphakati muli ndi gawo lanu pamenepo. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti mwa amayi anayi oyembekezera, mmodzi yekha ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Nambala yatiuza kuti atatu akuchedwa. Chifukwa chake sinatiuze.

Mufunseni mayi ndi pepala la mafunso kuti anachedweranji kuyamba sikelo. Adzayang'ana yunifolomu, n'kuyankha kuti kuchipatala n'kutali, kapena kuti samadziwa. Ndi mayankho aulemu, osakhumudwitsa mlendo. Wophunzira amene wakhala pamjigo masiku asanu amamva zina. Amamva kuti mimba yaing'ono saionetsa, kuopa kuti a mitima yoipa angaichotse m'matsenga, ndipo kupita ku sikelo m'mawa mudzi wonse ukuona n'chimodzimodzi kulengeza pa chimkuzamawu. Amamva kuti kumalo ena mayi wobwera wopanda mwamuna amathandizidwa pomaliza, kapena amauzidwa kuti akatenge kalata kwa amfumu. Lamulo limeneli linabwera ndi cholinga chabwino, choti abambo azitengapo mbali ndi kuyezetsa magazi limodzi ndi akazi awo, koma mtsikana amene mwamuna wakana mimba sangapite kukadziulula pabwalo la amfumu, ndiye amangokhala. Amamvanso kuti kuyamba msanga n'kuchulukitsa maulendo, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza.

Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, analongosola kuti imfa za uchembere zimadzera m'kuchedwa kutatu: kuchedwa kumanga mfundo yopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo utafika kale. Wophunzira uzamba aliyense amaziloweza zimenezi ndipo amakhoza nazo mayeso. Koma kuloweza mawu oti "kuchedwa koyamba" n'kosiyana ndi kudziwa zimene zili m'kati mwake. Matenda anayamba usiku, mwamuna ali ku South Africa, ndipo panafunika kutuma mwana kwa atsibweni kuti avomereze ulendo. Mayi analibe beseni, zitenje zokwanira ndi pepala lakuda la pulasitiki zimene anauzidwa kuti adzabwere nazo, ndiye anaopa kuchititsidwa manyazi. Matenda atatalika, amayi akuluakulu anayamba kumuumiriza kuti aulule amuna amene anayenda nawo, pokhulupirira kuti mwana akukana kutuluka chifukwa cha chimenecho, chonsecho mutu wa mwana ndi waukulu kuposa njira. Maola amene amathera pa kuululitsa ndi omwewo amene amasiyira mtsikana fisitula, akapulumuka.

Onjezerani apo nkhani ya chindapusa. Boma litaletsa azamba a kumudzi kuchiritsa amayi mu 2007, mafumu ambiri anaika malamulo oti wochirira pakhomo alipire mbuzi, nkhuku kapena ndalama. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma zindapusa m'madera ambiri zinatsala. Kuyambira pamenepo funso loti "munachirira kuti?" linasanduka funso lokhala ndi mtengo wake, ndipo n'chifukwa chake timamva kawirikawiri kuti mwana anabadwira panjira.

Za mwanamphepo ndiye n'zovuta kwambiri kuti pepala la mafunso lipeze zoona. Mufunseni mayi ali pabedi, adzakana. Koma azamba timaona chiberekero chikukoka mwamphamvu mosalekeza khomo lisanatseguke, mwana akubanika m'kati. Nafenso tili ndi mankhwala ofulumizitsa matenda, otchedwa oxytocin, koma timawapereka m'diripi dontho ndi dontho, tikumvetsera mtima wa mwana, ndipo zikavuta timatseka. Mwanamphepo alibe muyezo, ndipo akalowa m'thupi satsekeka. Chiberekero chikhoza kung'ambika, mayi ndi mwana n'kupita limodzi. Izi tazilalikira zaka zambiri. Chimene chimasowa ndi kudziwa kuti amapereka ndani, nthawi yanji, amabisa m'phala kapena m'fulasiki ya tiyi, ndipo koposa zonse, chifukwa chiyani. Wophunzira wina anakhala milungu iwiri kuchidikiro, akuphika ndi kutunga madzi ndi magadiyani. Analemba kuti agogo amene anacheza nawo sankapereka mankhwalawa pofuna kupikisana ndi chipatala. Ankaopa opaleshoni, pokhulupirira kuti mwana wawo akachedwa kuchira amupititsa ku mpeni. Ena ufa umene anabwera nawo unali utatha, ndipo kumunda kunalibe munthu. Ukadziwa zimenezo, phunziro la m'mawa kuchidikiro silingakhalenso loti "mwanamphepo ndi woipa" basi. Uyenera kukamba za opaleshoni, imachitika pa zifukwa ziti, ndi kunena poyera kuti mwanamphepo yemweyo ndi amene amafikitsa amayi ena ku mpeni umene akuuthawawo.

Makope a ku Balaka

Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza ophunzira chinachitika kwathu konkuno. Kuyambira mu 1998 gulu la ofufuza, mmodzi mwa atsogoleri ake ali Susan Watkins wa ku yunivesite ya Pennsylvania ku America, linkayenda ndi mapepala a mafunso m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka, kufunsa za kulera ndi za Edzi. Mu 1999 anayesa njira ina. Anapempha anthu ochepa a m'midzi momwemo, makamaka ku Balaka, anthu a maphunziro a ku sekondale opanda digiri, kuti asafunse munthu kanthu. Angomvetsera zimene anthu akukamba za Edzi m'minibasi, pamaliro, pabawo, pamjigo, ndipo akafika kunyumba alembe m'kope zimene akukumbukira. Ntchitoyi inapitirira zaka zoposa khumi, makope n'kukwana mazanamazana.

Masiku amenewo mabungwe ambiri ankanena kuti anthu a kumudzi ali chete pa nkhani ya Edzi, sakufuna kuvomereza kuti matendawa alipo. Makopewo anaonetsa zina. Anthu ankakamba za Edzi tsiku ndi tsiku. Ankadziwa mmene kachilombo kamafalira, ankachenjezana za munthu woyenera kumupewa, ankatanthauzira imfa iliyonse, ndipo amayi ankalangizana chochita ndi mwamuna woyendayenda, ena mpaka kuthetsa banja. Chetecho chinali pamaso pa mlendo wonyamula pepala basi. Inu amene munali akuluakulu kale zaka zimenezo mukudziwa kuti zoona zili mbali iti.

Mpingo wathu nawo si mlendo pa ntchito yotere. Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort, ochokera ku Holland, anafika m'dziko muno mu 1955, anatumikira ku Chigwa cha Shire, anakaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Oxford, ndipo analemba zambiri za chipembedzo cha Mbona ku Nsanje. Bambo van Breugel a White Fathers analemba mwatsatanetsatane za chipembedzo cha makolo cha Achewa, kuphatikizapo mdulo. Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo amene munapitako munaona nokha kuchuluka kwa zimene anasonkhanitsa za Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma onsewa ndi amuna, ndipo pali makomo amene mwamuna, ngakhale wansembe, salowa: kuchikuta, kutsimba, m'chipinda chochirira. Audrey Richards, mayi wa ku Britain, analoledwa kuonerera chinamwali cha atsikana a Chibemba ku Zambia mu 1931, buku lake n'kutuluka mu 1956. Chaposachedwa Claire Wendland, dokotala wa matenda a amayi wa ku America amenenso anaphunzira luso limeneli, watulutsa mu 2022 buku lonena za imfa za uchembere m'Malawi, loonetsa mmene imfa imodzi imafotokozedwera mosiyanasiyana malinga ndi amene akufotokozayo. Ndi ntchito zabwino. Koma zili m'Chingerezi, zimagulidwa ndi madola, ndipo amayi amene akukambidwamo ambiri sadzaziwerenga. Ine ndimaona kuti mtsikana wobadwira kuno, wodziwa kuti mayi akati "ndili bwino" atayang'ana pansi ndiye kuti sali bwino, ali ndi mwayi umene alendo onsewa analibe.

Kope lodzaza si nkhani

Kuona ndi theka chabe la ntchito. Wophunzira amabwera kuchokera kumudzi ndi masamba 60, ndipo amafuna kuika zonse, kuyambira tambala wa amfumu mpaka mtengo wa tomato. Apa ndi pamene phunziro la kulemba limayambira kwenikweni. Ayenera kusankha funso limodzi, n'kutaya zambiri zimene anavutikira. Amalemba koyamba, n'kuwerengera anzake mokweza, ndipo anzakewo ali ndi funso limodzi lokha lomufunsa: ukudziwa bwanji? Akalemba kuti amayi a m'mudzi wakuti amaopa chipatala, anene kuti anamva kwa amayi angati, ananena mawu ati, ndipo panalibe wotsutsa kodi. Ngati anacheza ndi asanu, alembe kuti asanu, osati mudzi wonse. Amalembanso kachiwiri, kachitatu. Ena amalira, ndipo sindiwaletsa.

Chiyankhulo ndi msampha wina. Mayeso athu ndi a m'Chingerezi, koma inu mumayankhula Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka. Mayi akati matenda ayamba, sakunena malungo. Akati wachira, ndiye kuti mwana wabadwa. Wophunzira akathamangira kumasulira mawu ndi mawu, amalemba bodza m'Chingerezi chokoma. Tengani mawu oti kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala timatanthauza BP yokwera, imene kwa mayi woyembekezera ingabweretse kukomoka. Koma mayi wina akanena mawu omwewo amatanthauza kuti mtima ukugunda mofulumira akangoyenda pang'ono, chimene kawirikawiri ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Ndi mavuto awiri osiyana, ofuna thandizo losiyana. Choncho lamulo langa ndi loti mawu a munthu alembedwe kaye m'chiyankhulo chimene wanenera, kumasulira kubwere pambuyo, atamufunsa mwiniwake kuti akumva bwanji m'thupimo.

Mwina mukuti, zonsezi zikukhudzana bwanji ndi ine ndikagonekedwa m'wodi? Zikukhudzana kwambiri. Namwino wa usiku sanakuoneni masana. Amadalira zimene mnzake walemba m'faelo. Mnzakeyo akalemba kuti "mayi ali bwino, akutaya magazi pang'ono," wa usiku adzayambira kwa odwala ena. Akalemba kuti chitenje chachiwiri chanyowa pa mphindi 30, chiberekero n'chofewa, mtima ukugunda ka 110 pa mphindi, wa usiku adzasiya zonse n'kuthamangira kwa inu. Kutaya magazi pambuyo pochira kukhoza kupha mayi m'maola awiri okha. "Pang'ono" ndi maganizo a wolemba, a kumanja kwa mzere. Chitenje chachiwiri ndi cha kumanzere.

Diso limeneli sitililozetsa kwa inu nokha. Ntchito ina imene ndimapereka ndi yoti wophunzira avule yunifolomu, amange chitenje, akakhale pabenchi ya sikelo pakati pa amayi kuyambira m'mamawa, akuluakulu a chipatalacho atavomereza ndipo amayi atauzidwa kuti iye ndani. Alembe kuti chitseko chinatsegulidwa nthawi yanji, panapita mphindi zingati munthu asanapatsidwe moni, ndi mawu ati amene ogwira ntchito ananena. Makope amenewa amapweteka kuwerenga. Mumapezeka mawu aja amene ambiri a inu munawamvapo, oti "kodi potenga mimbayo ine ndinalipo?" Mumapezekanso mzamba mmodzi akuthamanga pakati pa amayi atatu amene matenda afika pachimake, magetsi atazima, akuunikira ndi foni yake. Zonse ziwiri zimalembedwa kumanzere, chifukwa zonse ziwiri zinachitika. Wophunzira amene wakhalapo pabenchi maola anayi chikhodzodzo chitadzaza, akuopa kuchoka kuti angalumphidwe pamzere, amabwerera m'kalasi atachepetsa mawu.

Zimene muyenera kudziwa akafika

Olemba makope a ku Balaka ankamvetsera anthu osawauza, mayina n'kudzasinthidwa pambuyo pake. Ophunzira athu saloledwa kutero. Ayenera kunena dzina lawo, sukulu yawo, chimene akufuna kuphunzira, ndi amene adzawerenge zolembazo. Chilolezo cha amfumu chimawalowetsa m'mudzi, koma sichiwalowetsa m'nyumba mwanu. Pamenepo mwini chilolezo ndinu. Mukhoza kukana osapereka chifukwa. Mukhoza kuvomera lero mawa n'kusintha maganizo, kapena kunena kuti ichi chokha usalembe. Kukana kwanu sikudzakhudza thandizo lanu kuchipatala ngakhale pang'ono, ndipo wophunzira amene angakuopsezeni choncho mukamunene kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kwa mphunzitsi amene wabwera naye.

Dzina lanu lenileni siliyenera kulowa m'nkhani yomaliza, ngakhalenso zizindikiro zoti munthu n'kukulozani, monga kunena kuti mayi wa mapasa woyandikana ndi chigayo. Chithunzi asajambule musanavomere, ndipo chithunzi cha mwana wanu wodwala chilibe malo pa WhatsApp kapena Facebook. Za kutsimba zimene anamkungwi sanalole kuti zituluke, zisatuluke. Kope si chifukwa chophwanyira mwambo. Musayembekezere mankhwala kapena ndalama kwa iye, ndipo akayamba kulonjeza mjigo watsopano dziwani kuti wasochera. Pali nthawi imodzi yokha imene ayenera kuika kope pansi osadikira chilolezo cha aliyense: akaona mayi woyembekezera akutaya magazi, akumva mutu kwambiri ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, watupa nkhope, kapena mwana akukomoka. Pamenepo salinso wolemba, ndipo ntchito yake ndi kuitana thandizo.

Mukavomera, pempho langa ndi limodzi. Musamuphikire yankho la alendo. Musasese pakhomo mwapadera, musabise mphika wa mankhwala kuseri kwa nkhokwe, musanene kuti ana onse amagona m'masikito pamene masikito akutchinga nkhuku kudimba. Sanabwere kudzapereka malikisi. Mukamuuza zokoma zokhazokha, adzakhoza mayeso ake bwinobwino, n'kudzakhala namwino wodziwa mudzi umene kulibe, ndipo ndi yemweyo amene adzalandire mwana wanu wamkazi usiku wina.

Alembi a bungwe m'maparishi, nanunso kope muli nalo. Pambali pa ndondomeko ya zokambirana ndi masonkhedwe, palibe choletsa kusunga masamba angapo olemba zimene mwaona poyendera odwala ndi amayi oyembekezera, popanda mayina: anayenda maola angati, anadikira chilolezo cha yani, anabwezedwa chifukwa chiyani. Masamba otere ali ndi mphamvu pa msonkhano wa komiti ya chipatala kuposa kungonena kuti anthu akudandaula.

Gawo lomaliza la phunziroli limachitikira kwanu. Wophunzira akamaliza kulemba timamupempha abwerere kwa amene anacheza nawo, akawawerengere m'chiyankhulo chawo, iwo akonze. Mukaitanidwa ku msonkhano wotere mupite, ndipo musamumvere chisoni. Mtsikana wina analemba ndime yaitali yoyamikira amayi a m'mudzi wina, kuti amadzuka 4 koloko m'bandakucha kupita kumjigo chifukwa cholimbikira ntchito ndi kukonda ukhondo. Atamaliza kuwerenga amayiwo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Gogo wina anamuuza kuti, "Mwanawe, tulo timatifuna ngati iwe. Mjigo umenewu m'chilimwe ukafika 7 koloko umayamba kutulutsa matope." Anali atakhala pamjigopo masiku asanu ndi limodzi, koma tsiku lililonse ankachoka dzuwa likungotuluka kuti akasambe. Anapempha kugona m'mudzimo masiku ena awiri, ndipo ulendo uno anakhala pamjigo mpaka masana, akuwerenga ndowa zimene zinabwerera zopanda kanthu.